Khosi Langa, Msana wa a NyaGondwe

Lachiwiri, 6 Juni

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi windo. Andiuza kuti ndizilemba tsiku lililonse mmene dzanja likumvera, ndiye Patience, mng'ono wanga amene akundidikirira, wathamangira kugeti kukandigulira kope ili. Ndizilembamo ndi zina zomwe, nanga tsiku lonse munthu uzingoyang'ana kudenga?

Dzanja lamanzere: chala chachikulu ndi chamkombaphala zachita dzanzi. Ululu ukuyambira m'khosi, kudutsa paphewa mpaka pachigongono, ngati wina wandilowetsa waya wotentha. Jakisoni, mapiritsi, kolala m'khosi. Kuwerama kuti ndilembe kukuwawa. Basi lero.

Lachitatu, 7 Juni

Dokotala wa mafupa anabwera ndi chithunzi cha sikani ija ndinajambulitsa sabata yatha. Amafuna angofotokoza n'kudutsa, koma ine ndinati, "Adokotala, ndione nawo, khosilo ndi langa." Anaseka, n'kuchitukulira kuwindo.

Abale inu! Ndadya makosi a nkhuku moyo wanga wonse osadziwa kuti langa linapangidwa chimodzimodzi. Timafupa tondondozana, ndipo pakati pa fupa ndi fupa pali kamtsamiro kofewa, akuti dzina lake disiki. Kanga kamodzi kafinyika n'kutulukira pambali, ndiye kakukanikiza mtsempha wopita kudzanja. N'chifukwa chake vuto lili m'khosi koma zikudandaula ndi zala.

Anandifunsa ntchito. Ndinati ndimaluka tsitsi ku Area 23 chisiyireni sukulu. "Mutu chowerama tsiku lonse?" Ndinati nanga tsitsi mungaliluke mutayang'ana kumwamba? Ndinawauzanso za Loweruka lija: mkwatibwi ali pampando, mutu ndafika nawo pakati, zala zangokana kugwira meshi. Anadzamalizitsa ndi mnzanga wa saluni ina, ine ndili kuseri kulira.

Akuti tiyambe tayesa popanda mpeni: mankhwala, mafizo, ndi makina okoka khosi kuti mafupa atalikirane pang'ono, mtsempha upeze mpata. Dzanja likapitirira kufooka, opaleshoni. Ndinafunsa ngati makinawo amachiza aliyense. Anati ayi, ena amathandizika, ena ayi, komanso nthawi nayo imachita mbali yake. Akanati aliyense, ndikanawakayikira.

Pabedi loyandikana ndi langa pali mayi wachikulire, a NyaGondwe, a ku Area 25, kwawo ku Rumphi. Iwo ndi msana, kumunsi kuchiuno. Akuti amanyamula thumba la chakudya cha nkhuku zawo n'kumva kuti thee! Ululu ukutsika mwendo wakumanja. Ndi mtsogoleri wa amayi a Umanyano kutchalitchi kwawo, ndipo ngakhale ali chigonere amaoneka ngati ali pamsonkhano. Duku lochita kusita. Dokotala atatuluka, a NyaGondwe anandiyang'ana n'kuti, "Mwana wane, mumafunsa mafunso ngati loya."

Lachinayi, 8 Juni

Tsiku loyamba pa makina. Ine ndimaganiza kuti akandikoloweka ngati mbuzi ya pabutchala, mpaka ndinauza Patience kuti aime pafupi ndi khomo.

Sizili choncho. Ndi bedi wamba, kumutu kwake kuli kabokosi. Amene amayendetsa ndi a Aliya, mayi wa mafizo, wamfupi, wolankhula motsitsa ngati safuna kudzutsa mwana. Anandigoneka chagada, pilo pansi pa mawondo, nkhongo n'kuikhazika m'kachinthu kokhala ngati zikhatho ziwiri, kalamba pamphumi. Kenako anandifumbatitsa kabatani. "Mayi Chiphwanya, mukamva chizungulire kapena ululu ukamawonjezeka, dinani apa, aima pompo."

Mphamvu yokokera makilo asanu, mphindi khumi. Amakoka pang'onopang'ono, kugwira, kumasula, kukokanso, uku akulira ngati fuliji. Koyamba ndinauma thupi lonse. Kachitatu ndinamva ngati wina wanditula katundu amene sindimadziwa kuti ndasenza. Nthawi yonse imene amakoka, moto uja wa pamkono unazima. Nditadzuka unabwerera, komabe ndadziwa kuti umatha kuzima.

Ndinafunsa, "Ndiye ndizitalika?" A Aliya anati, "Mukatalika mundiuze, nane ndigonepo."

Zaka zonsezi ndakhala ndikukankha mitu ya anthu, weramani, tembenukani, musagwedezeke. Lero wagwidwa ndi wanga.

Lachisanu, 9 Juni

Makilo asanu ndi imodzi. Zala chimodzimodzi. Paphewa pachepako.

Nditamaliza ndinapempha kuti ndione nawo a NyaGondwe akamakokedwa. Iwo anati, "Musiyeni aone, apo ayi sagona." Zawo ndi zina: lamba wina m'chifuwa, wina m'chiuno, ndipo bedi lake limagawikana pakati, chigawo cha kumiyendo chimatsetsereka. Makilo awo amaposa makumi awiri, akuti chiuno n'cholimba kuposa khosi. Amatsinzina n'kumang'ung'udza nyimbo ya Chitumbuka.

Chimene chandidabwitsa ndi mafunso. Ine a Aliya amandifunsa ngati zinthu zikundipulumuka m'manja, ngati ndikupunthwa poyenda. Koma iwo amawafunsa kuti, "Amama, kukodza kuli bwino? Kuchimbudzi? Pokhalira palibe dzanzi?" A NyaGondwe amayankha m'Chitumbuka kuti "Makora," kutanthauza kuti zili bwino, mawu ake otseka chitseko. Kodi msana ndi mkodzo zikukhudzana pati?

Masana tinacheza ndi a NyaGondwe. Akuti dokotala anatchulapo za opaleshoni, iwo anakanitsitsa. Mlongo wawo anachekedwa msana kalekale, ndipo anakhala panjinga ya olumala mpaka kumwalira. Komanso mwana wawo wotsiriza, Mwawi, ukwati wake uliko mu Ogasiti. "Ndikufuna ndikalowe m'tchalitchi ndi miyendo yanga, osati chokankhidwa." Mwawi amagwira ntchito m'tauni, amabwera nthawi ya nkhomaliro ndi madzulo. Mmawa wonse amakhala okha.

Loweruka, 10 Juni

Loweruka ndi Lamulungu makina amapuma. Wodi inadzaza alendo.

Amuna anga, bambo a Tracy, anabwera ali ndi ovolosi yawo, kuchokera ku Biwi kumene amawotcherera zitsulo. Anabweretsa nyemba zophika okha. Zinapserera, koma ndinadya, iwo ali chiimire kundiyang'ana ngati akudikira zotsatira za mayeso. Ndinawafotokozera za makina, iwo n'kuyamba kujambula m'mwamba ndi chala: "Ndiye ndi mota ndi chingwe basi? Zimenezo ndingakupangire kunyumba." A NyaGondwe anadzutsa mutu. "A Lucious, mkazi wanu si geti." Wodi yonse inafa ndi phwete.

Andibweretseranso kagalasi kanga ka kusaluni. Ndi kolalayi sinditha kucheuka, ndiye ndikamva phokoso ndimangotukula kagalasi n'kuona wodi yonse. Patience akuti ndi miseche ya makono.

Alendo a a NyaGondwe anabweretsa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama. Ndinali ndisanalawepo. Ndinafunsa kaphikidwe kake mpaka mayi wina anatopa nane.

Lamulungu, 11 Juni

Lero zavuta. Moto wafika mpaka kuzala. Kapu inandipulumuka. Nesi akuti zimachitika, tsiku lina umabwerera m'mbuyo. Ndikuopa mpeni.

Amayi a Umanyano anabwera kudzaimba, onse anagwada polonjera a NyaGondwe. Ndinamvera nditatsinzina.

Lolemba, 12 Juni

Makilo asanu ndi awiri, mphindi khumi ndi zisanu. Andiwonjezera mafizo: kubweza chibwano m'mbuyo ngati nkhuku yodabwa, ndi kufinya kampira. Ululu wabwerera paphewa, ndipo a Aliya akuti ndi chizindikiro chabwino. Ululu ukamachoka kuzala n'kumakwera kubwerera m'khosi, ndiye kuti mtsempha ukumasuka. Ndimaganiza kuti kuchira n'kutha kwa ululu, kani nthawi zina umayamba wasamuka kaye.

Tili awiriwiri ndinafunsa za funso la mkodzo lija. Anatenga msana wapulasitiki umene umakhala patebulo pawo n'kundionetsa kumunsi kwake. Akuti kumeneko mitsempha imamwazikana ngati mchira wa hatchi, ndipo ina mwa iyo ndi imene imauza munthu kuti chikhodzodzo chadzaza, n'kumugwirira mpaka akafike kuchimbudzi. Disiki ikatuluka kwambiri n'kuipana yonse, munthu samvanso pokhalira, mkodzo umakana kutuluka kapena umangotuluka wokha, miyendo yonse imafooka.

"Zikatero mumawonjezera makilo?"

"Ayi, mayi. Zikatero makina timawasiya, timathamangira kuthiyeta. Ukachedwa, mitsempha ija siidzukanso."

Ndimaganiza kuti ndi funso la mwambo chabe, ngati mwadzuka bwanji.

Lachiwiri, 13 Juni

Makilo omwewo. Chala chamkombaphala chayamba kunyerenyetsa ngati mukuyenda nyerere. Ndamanga ndekha mabatani a bulauzi, ngakhale ndinatenga nthawi yoti wina akanaphika ndiwo.

A NyaGondwe anatayira tiyi pabedi mmawa, anesi anasintha zofunda. Lero sanacheze. Mbatata imene Patience anawapatsa yangokhala pakabati.

Lachitatu, 14 Juni

Ndilemba zonse, dzanja lipweteke lisapweteke.

Mmawa, Patience atapita kukatsuka mbale, ndinamva bedi la a NyaGondwe likukwekwesa. Ndinatukula kagalasi. Ndinawaona akukweza bulangeti, kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kupendeketsa kapu pang'onopang'ono, kuthira tiyi pachinsalu chogonera. Atatero anaitana, "Anesi, pepani, manja aukalamba awa."

Anesi atasintha n'kuchoka, ndinatembenuka thupi lonse kuti ndiwayang'ane.

"Amama, tiyi uja sanatayike yekha."

"Mwayamba kundizonda ndi galasi lanu?"

"Sindimafuna kuona, koma ndaona."

Anandikodola kuti ndiyandikire. Ananong'ona kuti chiyambire Lolemba madzulo samva ukamabwera, amangozindikira kuti panyowa. Akakhala pansi zimakhala ngati akhalira thupi la munthu wina. Ndipo mwendo wakumanzere, umene unali wabwino, wayamba kulemera.

Ndinawauza zonse zimene a Aliya anandionetsa pa msana wapulasitiki uja. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Akamva andicheka, ndipo ndithera panjinga ngati mlongo wanga. Makinawa akundithandiza, zisiya zokha."

"Amama, akuti sizisiya zokha."

"Mwana wane, amayi aja munawaona akugwada Lamulungu. Mukufuna azikanena kuti NyaGondwe akukodzera pabedi? Ngakhale Mwawi sakudziwa. Mukanena, ine ndi inu tathana."

Ndinabwerera pabedi panga. Ine ntchito yanga ndi ya zinsinsi. Munthu akakhala pampando wanga amanena za mwamuna wake, za apongozi, za mimba imene sanauze aliyense, ndipo sindinatulutsepo kanthu. Komanso uyu ndi munthu wamkulu, msinkhu wa mayi anga, wachita kundiletsa m'maso muli gwa. Nditani ine?

Nthawi ya mafizo anatitengera limodzi monga mwa masiku onse. Ndinayamba ndine, iwo akudikira panja pampando wa matayala. Ndili chigonere, mutu womangidwa, makina akukoka, ndinkangoona mchira wa hatchi uja, ndi malamba awo atapachikidwa pakhoma kudikira chiuno chawo. Ndinadina kabatani. Makina anaima.

A Aliya anathamanga. "Chizungulire?"

"Ayi. A NyaGondwe musawagoneke pa makina lero."

Ndinanena zonse. Sanandifunse kawiri. Anandimasula, anatuluka, ndipo ndinawaona pakhomo atagwada pafupi ndi mpando uja, akulankhula motsitsa. A NyaGondwe sanakane. Anangoyang'ana kutsogolo, misozi ikutsika, msana uli chilili.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Dokotala anabwera, anatseka makatani, kenako anawatengera kusikani. Mwawi anafika wefuwefu, nsapato za kuofesi zili m'manja. Dzuwa lisanalowe anali atawaveka kale zopitira kuthiyeta. Machira podutsa pabedi panga ndinati, "Amama, Mulungu akutsogolereni." Anatembenuzira nkhope kukhoma.

Makina lero: sindinamalize.

Lachinayi, 15 Juni

Makilo asanu ndi atatu. Ululu paphewa pokha.

Opaleshoni inachitika. Awasamutsira kuwodi ina. Mwawi anabwera kudzatenga katundu, fulasiki, Baibulo, maduku. Anaima pabedi panga n'kuti, "Amama akuti ndisakulankhuleni." Kenako anakhala pansi, anandigwira dzanja lodwala lomweli, n'kulira. Akuti dokotala anachotsa chidutswa chachikulu cha disiki chimene chinapana mitsempha. Miyendo yonse ikugwedezeka. Za chikhodzodzo sakudziwa, awaika paipi, akuti mitsempha imadzuka mochedwa ndipo nthawi zina siidzuka yonse.

Sindikudziwa ngati ndisangalale.

Lachisanu, 16 Juni

Makilo omwewo, mphindi makumi awiri.

Ndinafunsa a Aliya funso limene limandivuta: kodi ndi makinawa anawapweteka? Sanazembe. Akuti disiki yotero imatha kuphulika yokha, munthu atangotsokomola kapena kudzuka pabedi, ndipo palibe angalumbire kuti chinayambitsa n'chiyani. "Koma ndikanadziwa, Lachiwiri sindikanawamanga malamba." Kenako anati kuyambira tsopano funso lija azifunsa chitseko chili chotseka, popanda wina womvera. Ndinakumbukira kuti Lachisanu lija womverayo ndinali ine.

Nditagona pa makina lero thupi linaumanso ngati tsiku loyamba. Anaona. Anandikumbutsa zizindikiro zanga: manja onse akayamba kufooka, ndikayamba kuyenda ngati woledzera, ndinene msanga. Ndinati ine pakamwa panga mwapaona kale.

Pabedi la a NyaGondwe pabwera mtsikana wothyoka mwendo, anagwa pa kabaza ku Kawale. Tsiku lonse ali pafoni.

Lamulungu, 18 Juni

Dzulo sindinalembe, kunalibe kanthu. Tracy anabwera ndi bambo ake, tsitsi lili nyankhalala ngati alibe mayi woluka. Ndinachita manyazi.

Ndinatuma Patience kukawaona a NyaGondwe ndi malalanje. Malalanje analandira. Uthenga sanabweze.

Lolemba, 19 Juni

Makilo asanu ndi anayi. A Aliya anamangirira zingwe zitatu za ubweya pachitsulo cha bedi n'kuti, "Tiyeni, tione ntchito yanu." Ndinaluka. Pang'onopang'ono ngati wophunzira, ndipo mzere wake sindikanalipiritsa munthu, koma zala zinagwira osataya. A Aliya anapempha kuti ndiwaonetsenso poyambira pake, akuti iwo kuluka kunawakanika kuyambira ali mwana.

Dokotala anandiyeza mphamvu, kukankha, kukoka, kufinya zala zake. Akuti zabwerako ndithu, za mpeni tiziike kaye pambali. Ndinafunsa ngati kamtsamiro kaja kabwerera m'malo mwake. Akuti mwina ayi, koma kamatha kufwapa kokha pakapita miyezi, ndipo kutupa kwa mtsempha kwachepa. "Ndiye wandichiza ndani, makina, mankhwala kapena kugona?" Anati, "Mayi, mukadzadziwa mudzatiuze."

Mawa ndituluka. Ndizibwera kumakina kuchokera kunyumba. Kusaluni ndisathamangire, ndipo ndikadzayamba, kasitomala azikhala pampando wautali kuti ndisamawerame, ndizipumira pafupipafupi. Bambo a Tracy ayamba kale kudula zitsulo za mpandowo. Nsonga ya chala chachikulu ikadali yakufa. Akuti mwina idzuka, mwina ndizolowera.

Lachiwiri, 20 Juni

Ndikulemba ndili pabenchi, tikudikira mankhwala opita nawo kunyumba.

Katundu atamangidwa ndinauza Patience kuti andidikire, ndikufuna ndikawaone ndekha. Wodi yawo ili kumapeto kwa khonde. Ndinawapeza atagona chammbali, duku lili pamutu koma losasita, kathumba ka mkodzo kakulendewera pambali pa bedi. Wina anakaphimba ndi chitenje.

"Amama, ndabwera kudzatsanzika. Anditulutsa."

Ndinaima pamenepo ndi kolala yanga, osadziwa poika manja.

"Khalani pansi, mwaima ngati wapolisi."

Ndinakhala.

"Ndikadakwiya nanu."

"Ndikudziwa, amama."

"Simukudziwa. Amayi aja anabwera dzulo. Anaona chimenechi." Analoza kathumba kaja ndi mlomo. "Mmodzi ndi amene anavula chitenje chake n'kuphimba. Palibe ananena kanthu. Anangoimba." Anayang'ana kuwindo. "Dzulo lomwelo andiimiritsa ndi chitsulo choyendera. Ndinafika pawindo apo."

Ndinafuna kufunsa zambiri, ngati akumva pokhalira, ngati paipiyo adzaichotsa, zimene dokotala wanena za Ogasiti. Mafunso anadzaza m'kamwa. Ndinawameza onse.

"Kwanu ku 23 ndi pati?" anatero.

Ndinati bwanji, amama?

"Pano sindingakukalipireni bwino, ndagona, ndipo anthu akumva. Ndikadzayenda ndidzabwera ndekha pa minibasi, ndidzakukalipireni nditaimirira."

Ndinawauza siteji yotsikira, kuti akadutse chigayo, akhotere kumanzere pa mpope wa madzi, akafunse saluni ya Janet, ndilo dzina langa. Anabwereza okha motsitsa, chigayo, mpope, kumanzere. Kenako anandifunsa ngati msewu wake uli ndi chitunda.

Ndinati chilipo, koma chaching'ono.

"Chabwino," anatero. "Pitani, mng'ono wanu akudikira."